Kudya mpamba osadziwa: Zomwe kaundula wa chuma chachilengedwe amaulula

Mayi aliyense wogulitsa tomato mumsika wa Limbe kapena wa Lizulu amadziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Madzulo akamawerenga zomwe wagulitsa, amayamba wapatula ndalama yokaodera katundu mawa, ndipo yotsalayo ndiyo amagulira ufa ndi ndiwo. Amene wasokoneza ziwirizi amaoneka wopeza bwino kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako benchi yake imangoti pululu, anzake n'kumanong'onezana kuti wadya mpamba.

Mabuku amene maiko amayezera chuma chawo akhala zaka zambiri osapatula ndalama imeneyi pa nkhani ya zachilengedwe. Nkhalango ikadulidwa, matabwa n'kugulitsidwa, ndalamayo imalembedwa ngati phindu la chaka chimenecho, koma palibe tsamba lolemba kuti nkhalangoyo yachepa. N'chimodzimodzi ndi nsomba za m'nyanja, miyala ya m'migodi, madzi apansi panthaka ndi chonde cha m'minda.

Kawerengedwe ka chuma chachilengedwe, komwe m'Chingerezi amati natural capital accounting, ndi njira yotsekera mpata umenewu. Boma limalemba m'kaundula kuchuluka kwa zachilengedwe zimene dziko lili nazo, zimene zachoka ndi zimene zawonjezeka chaka ndi chaka, komanso ntchito imene zikugwira pa chuma. Zonsezi zimalembedwa m'njira yoti zizitha kuikidwa pambali pa ziwerengero zina zimene unduna wa zachuma umagwiritsa ntchito pokonza bajeti.

Chimene GDP imasiya

Muyezo wodziwika kwambiri wa chuma ndi GDP, yomwe ndi mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene zapangidwa m'dziko m'chaka chimodzi. Nduna ya zachuma ikamauza Nyumba ya Malamulo kuti chuma chakula ndi maperesenti akutiakuti, imakhala ikunena za GDP. Muyezowu udaumbidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ndipo mmodzi mwa amene adauyambitsa, Simon Kuznets, adachenjeza aphungu a ku America mu 1934 kuti ziwerengero za ndalama zimene dziko limapeza sizokwanira kusonyeza ngati anthu ake akukhala bwino. Chenjezolo silidapite patali.

M'Chichewa mawu oti mtengo amatanthauza zinthu ziwiri, chomera cha m'nkhalango ndi ndalama yogulira chinthu, ndipo vuto la GDP lagona pakati pa matanthauzo awiriwa. Mtengo wa m'bawa woimirira m'mbali mwa mtsinje, umene mizu yake ikugwira dothi ndi kusunga madzi, ulibe mtengo m'mabuku a chuma. Umaupeza tsiku limene wagwa. Ukachekedwa matabwa GDP imakwera. Mtsinje ukadzadza matope n'kufunika makina okumbira, GDP imakweranso, pakuti kukumbako ndi ntchito yolipidwa.

Owerengera chuma amavomereza kale kuti makina a pafakitale, misewu ndi nyumba zimatha, ndipo amachotsera kutha kwakeko akafuna kudziwa ndalama yeniyeni imene dziko lapeza. Chimene kawerengedwe aka kakufuna n'chakuti nthaka, madzi ndi nkhalango zichitiridwe chimodzimodzi. Nkhaniyi ikulemera kwambiri kumbali ya maiko osauka. Lipoti la World Bank la mu 2018, lotchedwa The Changing Wealth of Nations, lidapeza kuti mu 2014 zachilengedwe zidali 47 peresenti ya chuma chonse cha maiko osaukitsitsa, pamene m'maiko olemera a m'bungwe la OECD zidali 3 peresenti yokha. Dziko limene pafupifupi theka la mpamba wake silidalembedwe likhoza kusauka uku ziwerengero zikuti likulemera.

Momwe mabukuwa amalembedwera

Buku loyamba silikhudza ndalama mpang'ono pomwe. Limalemba zinthu monga zilili: nkhalango m'mahekitala, madzi m'malita, nsomba ndi miyala m'matani. Kalembedwe kake ndi ka mwini golosale. Chaka chikuyamba tidali ndi zochuluka chonchi, zalowa ndi izi, zatuluka ndi izi, zatsala ndi izi. Pa nkhalango, zolowa ndi mitengo yobzalidwa ndi yophukira yokha, pamene zotuluka ndi yodulidwa, yopsa ndi moto ndi yolambulidwa potsegula minda. Zithunzi za setilaiti zapeputsa ntchitoyi kwambiri, ngakhale sizidachotse kufunika koti munthu apite kukaona ngati malo obiriwira pachithunzi ali nkhalango yachilengedwe kapena munda wa bulugamu.

Buku lachiwiri limatsata kumene zinthuzo zikupita. Pa madzi, limasonyeza amene akutunga ndi kuchuluka kwake, kaya ndi ulimi wothirira, ziweto, migodi, mafakitale kapena mabanja a m'tauni, ndiponso ochuluka bwanji amene akutayika m'mapaipi asanafike pampopi. Mphamvu ya bukuli ili pa mfundo imodzi yooneka yaing'ono: magawo a chuma amagawidwa mofanana ndi momwe amagawidwira m'mabuku a GDP. Motero zimatheka kufunsa kuti gawo lililonse likubweza ndalama zingati ndipo likulemba anthu angati pa madzi amene likumwa.

Buku lachitatu ndi la ndalama, ndipo mikangano imayambira pamenepa. Titenge mgodi. Pa ndalama zogulitsa miyala amachotsapo zonse zolowa pokumba, malipiro a antchito, kutha kwa makina ndi phindu loyenera la amene adaika ndalama zawo. Chotsalacho ndiwo mtengo wa mwala weniweniwo, umene palibe munthu adaupanga. Kenako amaphatikiza zotsala za zaka zonse zimene mgodiwo ukuyembekezeka kugwira ntchito, koma ndalama za zaka zakutsogolo amazichepetsa mphamvu, poti ndalama ya m'manja lero imaposa yolonjezedwa zaka 20 zikubwerazi. Chimene apeza ndiwo mtengo wa mgodi wonse. Gawo limene lachokapo chaka chino chifukwa cha kukumba ndiwo mpamba umene wadyedwa.

Palinso mabuku a mtundu wachinayi, omwe ndi atsopano komanso ovuta kuposa onse. Awa amawerenga ntchito zimene chilengedwe chimagwira popanda wochilipira. Dambo limasefa madzi, limachepetsa ukali wa madzi osefukira ndipo limadyetsa ng'ombe m'chilimwe. Njuchi zimabereketsa mbewu. Nkhalango ya m'phiri imasunga mtsinje kuti usaphwe mu Okutobala. Ntchito izi zilibe msika, choncho akatswiri amafunsa kuti zikadatha zingalowe ndalama zingati kupanga cholowa m'malo mwake, kapena kuti zikuletsa kuonongeka kwa ndalama zingati. Chitsanzo chotchuka ndi mzinda wa New York, umene mu 1997 udapangana ndi anthu okhala kumapiri a Catskill, komwe madzi ake amachokera, kuti uzilipira ntchito yoteteza malowo m'malo momanga malo osefera madzi amene akadadya mabiliyoni a madola.

Kumene zidachokera

Dziko la Norway lidali limodzi mwa oyamba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mafuta atapezeka pansi pa nyanja ya North Sea, lidayamba kusunga mabuku a mphamvu zamagetsi ndi mafuta, nsomba, nkhalango ndi miyala. Koma chimene chidadzidzimutsa akatswiri a chitukuko ndi kafukufuku wa mu 1989 wa bungwe la World Resources Institute, wotsogoleredwa ndi Robert Repetto, wokhudza dziko la Indonesia. Mabuku a boma ankasonyeza kuti kuyambira 1971 mpaka 1984 chuma cha dzikolo chinkakula ndi 7.1 peresenti pachaka. Repetto ndi anzake atachotsera mafuta amene adapopedwa, mitengo imene idadulidwa ndi nthaka imene idakokoloka pachilumba cha Java, kukulako kudatsika kufika pa 4 peresenti. Adawerenga zinthu zitatu zokha, koma zidakwanira kusonyeza kuti gawo lalikulu la chimene chinkatchedwa chitukuko lidali kugulitsa katundu wa m'nyumba.

Msonkhano wa United Nations wa ku Rio de Janeiro mu 1992 udapempha maiko kuti ayambe kusunga mabuku otere, ndipo mu 1993 kudatuluka buku loyamba la malangizo a ndondomeko yotchedwa System of Environmental-Economic Accounting, mwachidule SEEA. Padatenga zaka pafupifupi 20 kuti akatswiri a ziwerengero agwirizane. Mu 2012 nthambi ya United Nations yoona za ziwerengero idavomereza SEEA kukhala muyezo wa dziko lonse, ndipo mu Marichi 2021 idavomerezanso gawo lowerenga ntchito za chilengedwe lija. Lero maiko pafupifupi 90 amalemba ena mwa mabukuwa.

Mu 2010, ku Nagoya m'dziko la Japan, World Bank idakhazikitsa pologalamu ya WAVES yothandiza maiko ongotukuka kumene pa ntchitoyi. Oyamba adali Botswana, Colombia, Costa Rica, Madagascar ndi Philippines. Rwanda idalowa pambuyo pake, ndipo Zambia idalowa mu 2017 n'kuyamba ndi mabuku a nkhalango, madzi ndi malo. Chaka cha 2021 chidabweretsanso lipoti la Partha Dasgupta wa ku yunivesite ya Cambridge, limene lidatchuka chifukwa amene adalipempha si unduna wa zachilengedwe koma unduna wa zachuma wa Britain. Lipotilo lidati pakati pa 1992 ndi 2014 chuma chopangidwa ndi manja a anthu, monga misewu ndi makina, chidawirikiza kawiri pa munthu aliyense padziko lapansi, pamene chuma chachilengedwe chidatsika ndi pafupifupi 40 peresenti.

Botswana: dayamondi ndi madzi

M'chigawo chino cha Africa, dziko limene lapita patali pogwiritsa ntchito maganizowa poyendetsa chuma ndi Botswana. Polandira ufulu mu 1966 lidali limodzi mwa maiko osaukitsitsa, la makilomita 12 okha a msewu wa tala. Mu 1967 miyala ya dayamondi idapezeka ku Orapa, mgodi udatsegulidwa mu 1971, ndipo wa Jwaneng, wolemera kuposa onse, udatsatira mu 1982. Migodiyi imayendetsedwa ndi kampani ya Debswana, yomwe boma ndi De Beers adagawana pakati.

Dayamondi samera. Mwala uliwonse wotuluka ku Jwaneng ndi mpamba umene sudzabwereranso. Katswiri wa zachuma wa ku Canada, John Hartwick, adalongosola mu 1977 chimene dziko lotere liyenera kuchita: phindu lonse lochokera ku chuma chosabwerera lisalowe m'zodya za tsiku ndi tsiku, koma lisandutsidwe mpamba wa mtundu wina umene udzapitirize kubereka mgodi utatsekedwa.

Botswana idasandutsa mfundo imeneyi kukhala chida cha bajeti. Kuyambira mu 1994 unduna wa zachuma wakhala ukugwiritsa ntchito muyezo wotchedwa Sustainable Budget Index. Muyezowu umayerekeza ndalama zoyendetsera boma tsiku ndi tsiku ndi ndalama zimene boma limapeza kunja kwa migodi. Zolowa m'maphunziro ndi zaumoyo siziwerengedwa ngati zodya, koma ngati mpamba woikidwa mwa anthu. Yankho likakhala 1 kapena kucheperapo, ndiye kuti boma likudzidyetsa ndi misonkho wamba ndipo ndalama za dayamondi zikupita ku misewu, sukulu, zipatala ndi kusunga. Likadutsa 1, ndiye kuti ladya mpamba. M'chaka chomwecho kudakhazikitsidwa thumba la Pula Fund, loyang'aniridwa ndi banki yaikulu ya dzikolo, losungiramo zina mwa ndalamazo kunja.

Katswiri wina, Glenn-Marie Lange, adayerekeza Botswana ndi Namibia, maiko oyandikana odalira migodi onse. Kafukufuku wake wa mu 2004 adasonyeza kuti m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 chuma chonse cha munthu aliyense, kuphatikizapo chotsala pansi panthaka, chidakwera ku Botswana pamene ku Namibia chidatsika. GDP yokha sikadaonetsa kusiyana kumeneku momveka chotere.

Chuma china chimene Botswana idaika m'kaundula ndi madzi, omwe m'dziko la chipululu cha Kalahari ndi osowa kwambiri moti ndalama yawo imatchedwa pula, kutanthauza mvula. Mabuku a madzi adasonyeza kuti ulimi, makamaka ziweto ndi kuthirira, umamwa oposa 40 peresenti ya madzi onse ogwiritsidwa ntchito, chikhalirecho gawo lake pa GDP ndi maperesenti awiri kapena atatu. Adasonyezanso kuti madzi otuluka m'malo oyeretsera zonyansa za m'tauni, amene angathe kuthirira minda kapena kugwira ntchito m'mafakitale, ochepa okha ndiwo ankagwiritsidwanso ntchito. Damu la Gaborone litauma mu 2015, likulu n'kudalira paipi ya North-South Carrier yochokera makilomita oposa 300 kumpoto, mafunso oti madzi akupita kwa yani adasiya kukhala a m'maofesi mokha.

Apa m'pofunika kusamala. Munthu wowerenga mwaphuma angati madzi achotsedwe ku ng'ombe apite ku migodi, poti kumeneko lita iliyonse imabala ndalama zambiri. Koma ng'ombe ku Botswana ndiyo banki ya banja la kumudzi, ndipo ulimi umadyetsa anthu ochuluka kuposa amene migodi imalemba ntchito. Kaundula amangosonyeza mtengo wa chisankho chilichonse. Kusankhako kumatsalira andale ndi anthu amene adawavotera.

Botswana ndiyonso idaitanitsa msonkhano wa mu Meyi 2012, pansi pa mtsogoleri wake wa nthawiyo Ian Khama, umene udabala chikalata cha Gaborone Declaration for Sustainability in Africa. Maiko khumi adalonjeza kulowetsa chuma chachilengedwe m'mabuku awo: Botswana, Gabon, Ghana, Kenya, Liberia, Mozambique, Namibia, Rwanda, South Africa ndi Tanzania.

Komabe kuwerenga bwino sikudapulumutse dzikolo ku chilichonse. Dayamondi akubweretsabe pafupifupi 80 peresenti ya ndalama zimene Botswana imapeza pogulitsa katundu kunja. Msika utagwa mu 2023 ndi 2024, mwa zina chifukwa cha dayamondi wopangidwa m'mafakitale amene ndi wotchipa, chuma cha dzikolo chidatsika, ndalama zosungidwa za boma zidaphwa, ndipo mu Okutobala 2024 chipani cha Botswana Democratic Party chidagonja pachisankho chitalamulira zaka 58. Zimenezi zaonetsa zofooka ziwiri. Choyamba, mtengo wa chuma chapansi panthaka ukhoza kugwa popanda mwala ngakhale umodzi kuchoka m'mgodi. Chachiwiri, muyezo wa bajeti uja umawerenga ndalama iliyonse yolowa m'zomangamanga ngati mpamba, osafunsa ngati chomangidwacho chikubereka kanthu.

Ziwerengero zikayamba kuluma

Kumene ntchitoyi idafa, sidafe chifukwa cha masamu. Mu 1994 nthambi ya boma la America yowerengera chuma idatulutsa mabuku ake oyamba ochotsera miyala ndi mafuta okumbidwa. Chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idaletsa kuti ndalama za boma zilowenso pa ntchitoyi, ndipo mawu otsutsa adachokera makamaka kwa aphungu a madera okumba malasha. Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi William Nordhaus lidalangiza mu 1999 kuti ntchitoyo iyambirenso, koma ndondomeko yatsopano ya boma pa nkhaniyi idadzatuluka mu Januwale 2023.

Ku China zidayenda mofananako. Mu 2006 boma lidatulutsa lipoti losonyeza kuti kuipitsa mpweya, madzi ndi nthaka kudaonongetsa mayuan 511.8 biliyoni mu 2004, omwe adali 3.05 peresenti ya GDP. Akuluakulu a zigawo, amene kukwezedwa kwawo paudindo kunkadalira kukula kwa GDP ya madera awo, sadakondwere nazo. Lipoti lachiwiri silidatulutsidwe ndipo pofika 2007 ntchitoyo idaikidwa pambali.

Otsutsa ena amachokera mbali ina kotheratu. Mu 1997 Robert Costanza ndi anzake adalemba m'magazini ya sayansi ya Nature kuti ntchito zimene chilengedwe chimagwirira anthu padziko lonse ndi za madola pafupifupi 33 thililiyoni pachaka, kuposa chuma chonse chimene anthu ankapanga nthawiyo. Ena adati chiwerengerocho n'chopanda tanthauzo, poti chilengedwe chonse chitatha sipangakhale wotsala woti alandire chipukuta misozi. Enanso amaopa kuti chinthu chikapatsidwa mtengo ndiye kuti chaikidwa pamsika, ndipo wandalama akhoza kulipira n'kuchiononga. Mantha amenewa ali ndi maziko. Nkhalango ya kumanda yatetezedwa m'midzi yathu kwa mibadwo popanda wina kuiwerengera makwacha, ndipo kuiika mtengo kukhoza kungoichepetsa ulemu. Palinso funso limene mfundo ya Hartwick siliyankha bwino: sukulu ingalowe m'malo mwa dayamondi, koma kodi n'chiyani chingalowe m'malo mwa madzi apansi panthaka akatha? N'chifukwa chake akatswiri ambiri amati mabuku a mahekitala ndi matani ndiwo maziko, a ndalama n'ngothandizira kulankhula ndi unduna wa zachuma m'chinenero chimene umamva. Ngakhale mu 2021 muja, mitu ya SEEA yokhudza kuika ndalama pa ntchito za chilengedwe sidapatsidwe mphamvu yofanana ndi inayo.

Kuno kwathu

Malawi adalawako kale masamu a mtundu umenewu. Kafukufuku amene adatuluka mu 2011, wochitidwa ndi boma mothandizidwa ndi nthambi za UNDP ndi UNEP, adapeza kuti kugwiritsa ntchito mosasamala nthaka, nkhalango, nsomba ndi nyama zakutchire kunkataitsa dziko lino $191 miliyoni pachaka, yomwe idali 5.3 peresenti ya GDP. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti nkhalango, zimene mabuku a boma ankati zimapereka 1.8 peresenti ya GDP, zinkapereka 6.1 peresenti nkhuni ndi makala zikawerengedwa. Kunena kwina, mabukuwo ankalakwitsa mbali zonse ziwiri: sankaona zambiri zimene nkhalango ikupereka, sankaonanso kuti ikutha. Gawo limene likuoneka laling'ono m'mabuku limalandiranso zochepa m'bajeti.

Pa nthaka, kafukufuku wa FAO, UNDP, UNEP ndi unduna wa zamalimidwe adapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Mlimi amalipira kutayikaku ndi zokolola zochepa, boma limalipira pogula feteleza wa sabuside wothira pa nthaka yoguga, ndipo dothilo likafika mu Shire wokhala m'tauni amalipiranso. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pamtsinje umodzi womwewo, ndipo kampani ya Egenco imataya ndalama ndi nthawi pochotsa matope ndi zinyalala m'madamu ake. Namondwe Ana ataphwanya damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 adachoka nthawi imodzi ndipo sadabwerere mpaka 2023. Madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amapopedwa ku Walker's Ferry mu Shire momwemo, pamene a Lilongwe amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, komwe boma lidatumiza asilikali mu 2015 kuti akaletse kuotcha makala. Thumba la makala lili ndi mtengo wodziwika pamsika wa Mchesi. Madzi amene mitengo yomweyo ikadasunga m'madamu a Kamuzu alibe tsamba lofanana nalo.

Kafukufuku wa mu 2011 adali chithunzi cha nthawi imodzi. Kaundula amasiyana naye poti amabwerezedwa chaka ndi chaka ndi ofesi ya boma, m'njira imodzimodzi, kotero kuti phungu kapena mtolankhani angathe kufunsa ngati chambo cha m'nyanja ya Malawi kapena mitengo ya ku Chikangawa yawonjezeka kapena yachepa kuyambira bajeti yapitayo. Ntchito yotere imafuna kuti nthambi za nkhalango, nsomba, madzi, malo ndi migodi zizipereka ziwerengero zawo kumalo amodzi, zomwe ngakhale m'maiko olemera zimavuta.

Nkhani ya migodi ikuchititsa kuti funsoli likhale lachangu. Masomphenya a Malawi 2063 akuika migodi pakati pa magawo ofunika pa chitukuko. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009, udaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo udayambiranso mu 2025. Maso alinso pa miyala ya rare earth ya ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe m'boma la Phalombe, komanso rutile ndi graphite wa ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Zonsezi ndi chuma cha mtundu wa dayamondi wa ku Jwaneng, chotuluka kamodzi kokha, ndipo ndalama zake zikhoza kulowa m'malipiro a mwezi ndi mwezi kapena m'zinthu zokhalitsa.

Malamulo a kawerengedwe nawo asintha. Mu Marichi 2025 United Nations idavomereza ndondomeko yatsopano yowerengera chuma cha maiko, yolowa m'malo mwa ya mu 2008, ndipo kwa nthawi yoyamba kutha kwa zachilengedwe kuziwerengedwa ngati ndalama yolowa popanga katundu, monga momwe kutha kwa makina kumawerengedwera. GDP yeniyeniyo sisintha ndi mfundoyi, koma muyezo unzake wa ndalama zotsala zonse zitachotsedwa udzatsika m'maiko okumba miyala ndi odula nkhalango mopyola muyezo. Kuno ntchitoyi idzagwera ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, ndipo kuti ichotsere zimene zakumbidwa chaka chilichonse, idzayenera kukhala ndi chiwerengero cha boma cha matani amene ali pansi pa phiri la Kangankunde.